Kainjini ka a Terence

Bolton, 11 Febuluwale 2024

Bambo,

Inu mumati palibe makina amene sanadutsepo m'manja mwanu pakhonde lanu la kumsika wa Balaka. Chabwino. Tandiuzani: munayamba mwagwirapo injini yeniyeni, ya pisitoni ndi silinda, yoti n'kulowa m'thumba la shati? Musayankhe msanga. Tsegulani kaye kabokosi kamene akutulireni a Alinane, anesi a ku Manchester amene akubwera kumaliro ku Ntcheu, kenaka mudzandiuze.

Pepani, ndayamba ndi funso ndisanapereke moni. Muli bwanji ndi Amayi? Mwendo uja ukutani? Ine ndili bwino, kungoti kuzizira kwa kuno ndi kwachipongwe, kumalowa mpaka m'mano. Ndikulemba papepala chifukwa pafoni simumva, mumangoti "eya, eya" ngakhale ndikukufunsani funso. Ndizijambula makalatawa, achemwali a Esnath azikusindikizirani.

Kainjiniko kachokera kwa a Terence, mmodzi mwa okalamba amene ndimawasamalira m'nyumba zawo. Ndimawasambitsa, kuwaveka, kuwapatsa mankhwala. Tsiku limene mutu wawo uli bwino amandikokera kushedi ya kuseri kwa nyumba. Bambo, mmenemo muli tindege tamatabwa lendelende kudenga, tiinjini pamashelefu, ndi mabokosi a ndege zosamanga, matabwa ake opepuka ngati chiwale. Pa unyamata wawo ankaulutsa timeneti. Osati za rimoti ayi. Kandege amakamangirira mawaya awiri aatali, munthu n'kuima pakati pa bwalo atagwira kumapeto, iko n'kumazungulira, iyenso n'kumazungulira nako mpaka mafuta athe kapena chizungulire chimugwetse. Azibambo akuluakulu, a ndevu zawo!

Kainjini kameneka kalibe pulagi. Kamayaka ndi kupanikiza kokha, ngati dizilo ya pachigayo. Mafuta ake amasakaniza palafini, mafuta a nsatsi, ndi mankhwala ena onunkha chipatala. Tsiku lina kena kanakana kulira. Ndinakamasula, n'kuchotsa mafuta ouma, kanalira mpaka mphaka wa aneba anathawa. Mdala anaseka n'kufunsa kuti ndinaphunzira kuti. Ndinati sukulu yake palibe, ndinkangoonera bambo anga akukonza mapulaimasi ndi makina osokera. Basi anatambasula dzanja, n'kutsitsa kabokosi, amvekere, "Kapatse bambo ako." Ndinalandira ndi manja awiri. Ndikanatani? Munthu wamkulu kuposa inu akukuninkha chinthu, ungakankhe dzanja lake?

Ndatumiza mapaundi 120 kwa a Esnath. Ndi zochepa, ndikudziwa. Mashifiti achepa, ndipo nthawi imene ndimakhala m'basi kuchoka nyumba ina kupita ina salipira. Mugule chimanga musanagule china chilichonse. Amalume akabweranso ndi nkhani ya njinga yamoto, muwauze kuti ndakana ine, osati inu.

Mwana wanu,
Yona


Bolton, 3 Malichi 2024

Bambo,

Moni nonse. Ndamva kuti mvula yadula ndipo chimanga cha kumunda wa kumtunda chikufota. Pepani. Ine chifuwa chinandigwira koma chapita.

A Esnath akuti kabokosi kafika ndipo mwati "zikomo." Zikomo basi? Funso langa lija simunayankhe. Koma zisiyeni, pali nkhani ina ndipo muimve bwino.

Okushoni inu mumaidziwa, ya fodya ku Limbe, ogula akuyenda pamzere wa mabelo akuyankhula ngati atafuna mbatata yotentha. Kuno okushoni ili m'foni. Munthu amajambula katundu wake, n'kuika pa intaneti, n'kupereka sabata imodzi. Anthu osadziwana, wina ali ku Germany wina ku America, amakwezerana mtengo mobisalirana, ndipo amene ali pamwamba nthawi ikamatha ndiye watenga. A Terence anandipempha ndiwaonetse, poti maso awo sakuonanso tizilembo.

Zimene ndaona zandikwiyitsa. Kandege komangamanga, kopentedwa bwino, kamene munthu anakakhalira pansi miyezi: mapaundi 15, ndipo palibe akukafuna. Ndege yomweyo yosamanga, timatabwa tili m'bokosi momwe tinachokera kufakitale inu muli mwana: mapaundi 90. Ndiye kuti ntchito ya manja imatsitsa mtengo! Dziko lanji limeneli? Tiinjini wamba tikupita pa 25, tina pa 40. Kakuda bii ndi mafuta akale kakuposa kotsukidwa. Kokhala ndi bokosi lake, ngakhale lodyedwa ndi mphemvu, kakusiya kutali kopanda bokosi.

Kenaka tinaona kofanana ndendende ndi kanuko, mutu wofiira womwewo, bokosi lomwelo. Kanayambira pa 50. Tsiku lomaliza kanali pa 200. M'mphindi yomaliza manambala anayamba kuthamanga ngati mita ya papampu ya petulo, n'kukaima pa 540. M'makwacha ndi kupitirira miliyoni. Akuti tamtundu umenewu anapanga tochepa, fakitale n'kutsekedwa.

Ndinawauza a Terence kuti, "Chinthu chija n'chodula, mwina chibwerere." Iwo anati, "Ndinakupatsa ndikuona. Bambo ako akaliza?" Mawa lake anandiitana dzina la munthu wina n'kundifunsa ngati ndabwera kudzakonza gasi. Ndi mmene alili.

Tsono mverani. Musakatsuke. Musakapale. Musaboole paliponse. Bokosi ndi timapepala take muike m'sutikesi ya Amayi. Ndipo mtengowu musautchule kumsika, ngakhale kwa abusa.

Mwana wamkazi wa a Terence, Joan, anabwera Loweruka kuchokera ku Leeds. Anakhalitsa m'shedi akujambula chilichonse ndi foni. Ndinamupatsa moni, ndinabwerezanso, koma mwina sanamve.

Ndalama za mwezi uno zichedwa pang'ono.

Yona


Bolton, 24 Malichi 2024

Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino, chifukwa pachithunzi chimene anditumizira a Esnath mukuseka mano onse pamtunda. Ine sindikuseka.

Kodi kalata yanga munaiwerenga, kapena munakulungira njere za mpiru? A Esnath akuti inachedwa kusindikizidwa chifukwa cha magetsi. Magetsi ake a masabata onsewa? Kainjini ndakaona. Kakuwala ngati supuni ya alendo. Utoto wofiira wa kumutu uja mwaupala ndi sitiliwulo ndi phulusa mpaka watheratu. Mwakakhomera pathabwa, ndipo poti mabawuti anu anali aakulu, mwakuza mabowo ndi tupa. Bokosi akuti Amayi adulako chivindikiro, akusungiramo singano ndi mabatani. Za timapepala palibe akudziwa.

Ndikudziwa chimene munene: chinthu chochokera kutali sungachionetse kwa anthu chili chakuda. Inenso ndinakulira m'nyumba yomweyo. Koma mwapala theka la mtengo wake ndi dzanja lanu, Bambo, ndipo mwatuluka nalo thukuta.

Akuti Loweruka lililonse anthu akumadzaza pakhonde panu kudzaona "injini ya ndege ya kwa Yona," ndipo a kabaza akubetcherana ngati ilire kapena ayi. Siilira. Mafuta ake kumeneko kulibe. Petulo musayese, ndipo chala chanu chitalikirane ndi pulopela, imaluma.

Kuntchito kuli timawu, koma si za inu. A Terence akuti awasamutsira kunyumba yosungira okalamba, ndipo malipiro a kumeneko ndi oopsa. Joan wayamba kugulitsa za m'shedi pa okushoni.

Ndatumiza 80. Musandifunse.

Yona


Bolton, 21 Epulo 2024

Bambo,

Moni. Ndamva kuti BP ya Amayi yatsika, tithokoze Mulungu. Ine thupi lili bwino. Zinazo sizili bwino, ndipo poti kuzungulira ine sindidziwa, ndingonena.

Andiimitsa ntchito.

Joan anaitana mnzawo wakale wa a Terence, dzina lake Ken, kuti amuthandize kuika mitengo. Ken anangoyang'ana mashelefu n'kufunsa, "Kamutu wofiira kali kuti? Ndalama zenizeni zili pamenepo." Anakafunsa a Terence. Tsiku limenelo mutu sunali bwino, anati sakudziwa, mwina wina anatenga. Ndipo kupatula a pabanjapo, wolowa m'shedi imeneyo ndine ndekha.

Manijala anandiitanira kuofesi. Sindinabise kanthu. Ndinati anandipatsa, ndinatumiza kwa bambo anga. Iye anandikumbutsa lamulo limene ndinasainira polowa ntchito, loti wosamalira okalamba asalandire mphatso yoposa paketi ya mabisiketi.

"Unawerenga?"

"Ndinawerenga."

"Nanga unalandiriranji?"

"Munthu wa imvi mbuu akundipatsa ndi dzanja lake, ndinene kuti bwezani? Kwathu wochita zimenezo timati sanaleredwe."

"Kuno si kwanu, Yona."

Pamenepo ndinayankha mawu ena amene sindilemba muno. Chabala, mnzanga wa ku Zambia amene ndimakhala naye nyumba imodzi, akuti ndikanangoti "sole" n'kutseka pakamwa. Iyeyo amatha zimenezo. Ine ndinatengera inu.

Mumvetse bwino pamene nkhani ili. Viza yanga inamangiriridwa ku kampani imeneyi. Akandichotsa ndi mbiri yobera nkhalamba, palibenso wina angandilembe, ndipo munthu wopanda womulemba amapatsidwa nthawi yochepa kuti achoke m'dziko. Joan wanena kuti apolisi sakuwafuna. Akufuna chinthu cha bambo ake chibwerere, nkhani ithe. Zoti chapalidwa sindinamuuze. Tidzaona chikafika.

A Hudson, mkulu wa mpingo wathu wa ku Leeds, ali ku Zomba ndi akazi awo, abwerera pakati pa Meyi. Nambala yawo ili ndi a Esnath. Zulani kainjini pathabwa, muike m'bokosi lake lomwelo ngakhale n'lodulidwa, mupereke. Zikayenda ndidzakugulirani kena, tiliko tambiri totchipa.

Amayi musawauze zonse.

Yona


Bolton, 5 Meyi 2024

Bambo,

Moni. Ndamva kuti zokolola zachepa kwambiri. Tidzaona. Ine ndikudya, ndikugona, ndikuyang'ana khoma.

Yankho lanu a Esnath alijambula ndipo ndaliwerenga mobwerezabwereza. Mwati mkulu mnzanu anapatsa inu, osati ine, ndipo sanatume munthu kudzatenga. Mwati mwana wamkaziyo ndani kuti alande zimene bambo ake anapereka ali moyo. Mwati mukabweza ndiye kuti mwavomera kuti mwana wanu ndi wakuba.

Zonsezi ku Balaka n'zoona. Koma amene akuweruza nkhaniyi ku Balaka sanafikeko, ndipo sakufunako. Komanso tisanamizane. Chikukuvutani si ulemu wa a Terence. Chikukuvutani ndi thabwa lija kukhala lopanda kanthu Loweruka, anthu n'kumafunsa kuti injini ya ndege yapita kuti.

Ndinayesa njira ina kuti ndikusiyeni mumtendere. Pa okushoni panatuluka kena kamutu wofiira, kopanda bokosi. Ndinali ndi 350, ya lendi. Chabala anakhala pambali panga kukhitchini akuphika.

"Usaike manje, mudala. Ukaonetsa njala bazakukwezela dala. Yembekeza kumapeto."

Ndinadikira. Kutatsala masekondi ochepa ndinaika zonse. Foni inati ndili patsogolo. Chabala anayamba kuvina, chipande chili m'manja. Asanamalize n'kutembenuka komwe, wina amene sindidzamuona nkhope anaika 415, msika n'kutseka. Munthu wakhala phee sabata yonse ngati ng'ona padooko, kudikira ine. Foni ndinaiponya. Mwamwayi inagwera pasofa.

Lamulungu ndinakwera sitima ndi basi kukafuna Ken kubwalo kumene madala amaulutsira tindege kunja kwa Manchester. Ndinamupeza ali pakati akuzungulira, kandege kakulira ngati mavu okwiya. Atakatsitsa anandimvetsera bwinobwino. Anati, "Ine sindikuti unaba. Terence ndi wogawa, nanenso anandipatsapo zambiri. Koma ine si mwana wake." Anandiuzanso kuti ndikanapambana ndikanangotaya ndalama. A Terence ankazokota zilembo za dzina lawo ndi msomali pansi pa injini iliyonse, ndipo Joan akudziwa. Tembenuzani kanuko muone, ngati simunapale nazonso.

Ndiye kena palibe, Bambo. Ndi komweko. A Hudson anyamuka pa 17.

Mwezi uno sinditumiza kanthu. Si chifukwa chokwiya. Palibe.

Yona


Bolton, 15 Meyi 2024

Bambo,

Moni, moni nonse. A Esnath akuti mwapita nokha ku Zomba, ndi mwendo wanuwo, kukapereka phukusi m'manja mwa a Hudson. Zikomo, Bambo. Mawu ena a m'kalata yapita ija anali okula, muwaiwale.

Ndauza kuofesi kuti katundu ali m'njira. Aika msonkhano pa 23, Joan adzabwera. Phukusi sindilitsegula. Alitsegule okha, aone kuti lachokera ku Malawi mmene lachokeramo. Usiku wapitawu ndagona tulo koyamba.

Amayi muwauze kuti zonse zili bwino.

Mwana wanu,
Yona


Bolton, 24 Meyi 2024

Bambo,

Moni ndikupatsani chifukwa ndinu bambo anga. Za moyo wanga musafunse.

Phukusi lanu ndinakalitenga ku Leeds. Losokedwa bwino m'thumba la feteleza, ulusi wa nayiloni, pamwamba palembedwa BAMBO TERENCE, ENGLAND. Linkalemera. Ndinati mwina mwatumiza ndi thabwa lomwe.

Dzulo muofesi munali manijala, Joan, ndi mayi wina wolemba zonse zimene zikuyankhulidwa. Ndinavala jekete. Ndinaika phukusi patebulo n'kunena kuti, "Katundu wanu uyu, monga ndinalonjezera." Manijala anatenga sizasi. Atangodula ulusi, mtedza unakhuthukira patebulo, wina pansi, wina m'kapu ya tiyi ya mayi wolemba uja. Mtedza, Bambo. Wosenda kale, wosankhidwa bwino, dzanja la Amayi ndinalizindikira. Ndinapisa mkono mpaka m'chigongono kufunafuna chitsulo. Chimene ndinatulutsa ndi kandege ka chiwale, mapiko omangidwa ndi waya wa buleki ya njinga, pulopela ya chitini cha mkaka, m'mbali mwalembedwa BALAKA.

"Ichi n'chiyani?" anatero manijala.

"Ndi mphatso. Bambo anga akuthokoza."

"Injini ili kuti?"

"Ikubwera."

"Unati ili m'menemu."

"Nanenso ndimati ili m'menemu!"

Mayi wolemba uja anafunsa ngati alembenso za mtedzawo. 

Joan anatenga kandegeko, n'kukatembenuza uku ndi uku, n'kuuzira pulopela. Inazungulira. Anafunsa kuti wapanga ndani, ndinati bambo anga, ndi mpeni. Anakaika m'chikwama chake mosamala. Kenaka anati, "Ndikawapatsa bambo, akakondwera. Koma nyumba imene akukhala imafuna ndalama mwezi ndi mwezi, ndipo mchimwene wanga akufuna apolisi. Ndakhala ndikumuletsa. Sindingathe kupitirira pa 14 Juni." Sanakalipe. Bola akanakalipa, ndikanadziwa choyankha.

Joan atatuluka ndinagwada pansi kutola mtedza wanu umodziumodzi, mwamuna wamkulu, nditavala jekete, manijala akundigwirira thumba.

A Hudson ndawaimbira. Akuti ankadziwa zimene zili mkati. Munawauza kuti mkulu akakupatsa chinthu umamutumizira chako, osati kumubwezera chake, ndipo iwo anaona ngati ine ndi inu tinagwirizana. Tinagwirizana liti?

Kandege kanu n'kabwino, sindikana. Mapiko mwawalinganiza bwino. Ulemu wanu kwa a Terence wafika, wakwana, mwamaliza mbali yanu. Tsopano yatsala mbali yanga, ndipo ili pathabwa lanu.

Akazi a Hudson anatsalira ku Zomba, anyamuka pa Chileka pa 8 Juni. A Esnath abwera kwanu Lolemba ndi sipanala. Musanditumizire amalume pafoni kuti andilangize. Musanditumizirenso mtedza, ufa, kapena vesi. Mwezi wa Juni ndege inyamula chimodzi mwa ziwiri: kainjini kubwera kuno, kapena ine kubwera uko ndi chikwama chimodzi ndi dzina la wakuba. Ikadzanyamula ine, ndine amene muzidzaonetsa anthu pakhonde panu Loweruka, pambali pa kainjini kanu.

Masulani mabawutiwo, Bambo. Musadikire Lolemba.

Yona